Utsi wa pa Nanjiri udanditsekula maso

Pali mawu amene ndakhala ndikuwayankhula m'kalasi kwa zaka zoposa 10 popanda kuwaganizira. Mwana akalephera mayeso a pakati pa teremu, kapena akajomba Lolemba n'kutulukira Lachitatu ntchito asadalembe, ndinkaima kutsogolo, choko chili m'manja, n'kunena kuti: "Pitirizani masewerawo, mudzathera kuwotcha kanyenya m'mbali mwa msewu." Anzake ankafa ndi phwete, wolakwayo n'kuzolika, ine n'kupitiriza phunziro mtima uli m'malo, poganiza kuti ndalangiza mwana.

Mawuwa sindidachite kupeka ndekha. Nanenso ndili pasukulu aphunzitsi athu ankatiopseza chimodzimodzi, kungoti ena ankatchula kupalasa kabaza, ena kusenza katundu padepoti. Tidakula tikudziwa kuti pali ntchito za anthu ophunzira ndi ntchito za anthu olephera, ndipo kuwotcha nyama kudali m'gulu lachiwirili. Ndalemba nkhaniyi chifukwa mwezi wa Juni wapitawu ndidatsika minibasi pa Nanjiri n'cholinga chongodya nyama, koma pochokapo mawu anga aja adali akundiwawa m'kamwa kuposa tsabola.

Kwa inu amene simudafikeko, Nanjiri ndi msika wa m'boma la Lilongwe, m'mbali mwa msewu wa M1 wopita ku Dedza, Ntcheu mpaka ku Blantyre. Mukatuluka mumzinda wa Lilongwe n'kudutsa pamphambano ya ku Bunda, simuyenda nthawi yaitali musadafikepo. Mukapitirira, ndiye kuti mwalunjika pa Nathenje. Si tauni yoti munthu n'kusokeramo. Pali magolosale, malo omwera, zigayo ndi mashedi, monga momwe ilili misika ina yambiri. Koma m'dziko muno malo alionse ali ndi chimene adatchuka nacho. Mukati Lizulu, anthu amaganiza za tomato ndi kabichi. Mukati Tsangano, ndi mbatata ya kachewere. Mukati Mwanza, ndi manachesi. Tsono mukati Nanjiri, anthu ambiri a ku Lilongwe amayamba kumeza malovu, poti dzinali limayendera limodzi ndi ziweto komanso nyama yowotcha.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Kumbuyo kwa msikawu kuli midzi ya alimi oweta mbuzi, nkhumba ndi ng'ombe. Kutsogolo kwake kuli msewu waukulu wa dziko lino, umene sugona usana ndi usiku. Chapafupi pomwepo pali mzinda wodzaza ndi anthu olandira malipiro pakutha pa mwezi, amene alibe khola koma nyama amaifuna. Woweta, wapaulendo ndi wa m'tauni amakumana pamenepa, ndipo chimene chimawakumanitsa ndi moto wa makala.

Ine ndimaphunzitsa zaulimi pasukulu ina ya sekondale yoyendera kumudzi, m'boma la Dedza. Msewuwu ndimaudziwa bwino, poti ndi umene ndimadzera ndikamapita kubanki kapena kukagula mabuku m'tauni. Kangapo konse ndakhala ndikuona utsi wa pa Nanjiri ndili pawindo la minibasi, fungo n'kulowa, kondakitala n'kumenya chitseko, ulendo n'kupitirira. Tsiku limeneli lidali Loweruka, malipiro adali atangolowa kumene, ndipo ndidati leroli ndiye nditsika, zina ndikaziona kunyumba.

Chimene chimayamba kukulandirani ndi fungo. Kenako maso amaona nyama ili lendelende pazokolekera, miyendo ya mbuzi, nthiti, ziwindi, pambali pali chitsa chodulirapo ndi chikwanje. Owotchawo amakhala ndi mbaula zikuluzikulu, zina zopangidwa kuchokera ku migolo yodula pakati, pamwamba atayala waya. Ena amakazinga m'chiwaya, nyama ikusambira m'mafuta pambali pa tchipisi. Ogula ndi osiyanasiyana: madalaivala a mathiraki, anyamata a kabaza, amayi ochokera kuchigayo, ndi abwana otsika m'galimoto zonyezimira amene amavula jekete n'kuima pamzere umodzi ndi wina aliyense. Pamoto palibe mpando wa bwana. Agalu nawo amakhala chapatali pang'ono, maso ali pamanja a anthu.

Ndisadasankhe n'komwe poti ndiime, mawu adayamba kundigwera mbali zonse. "Bwana, tabwerani mulawe kuno!" "Madala, yofewa ili kuno, yangophedwa kumene!" Wina adanditambasulira kanthuli kali kunsonga ya mpeni, kolawa kaulere. Ndili pafupi kulandira, ndidamva liwu lina kumbuyo kwanga, losiyana ndi enawo.

"Sala! Aphunzitsi!"

Munthu amene wagwirapo choko amadziwa kuti liwu limeneli silisoweka, ngakhale pakati pa phokoso la msika. Nditacheuka ndidaona bambo wachinyamata wa mapewa otambalala, atavala epuloni yoyera imene utsi udali utaisandutsa yotuwa. Adapukuta manja, n'kundipatsa moni wa manja awiri, atagwira pamkono monga tinkawaphunzitsira. Nkhope ndidaizindikira dzina lisadabwere. Adali mnyamata amene ankakhala kumbuyo chakuwindo, zaka 7 zapitazo, amene adasowa pakati pa Fomu 3 osatsanzika. Dzina lake ndilisunga, poti sindidamupemphe chilolezo choti ndilitchule munyuzipepala.

"Lero ndiye mwabwera kuofesi kwanga, Sala," adatero akuseka. "Paja munkanena kuti tidzathera pano. Khalani apa, mudye kaye."

Adanena mosapsa mtima, koma ine ndidamva ngati wandithira madzi ozizira kumsana. Ndidakhala pabenchi ngati mwana woitanidwa kuofesi ya ahedi. Ndidafuna kunena kanthu, koma pakamwa padauma. Mwamwayi iye adali atatembenukira kale kumoto.

Adayamba wandipatsa madzi a m'chigubu chokhala ndi kampopi, ndi kachidutswa ka sopo, kuti ndisambe m'manja. Kenako adatenga nthiti ndi nyama ya kumsana, n'kuzidula timizere kuti moto ulowe, kuwaza mchere basi, n'kuziika pawaya. Sadaike pakati pamene makala adali ofiira kwambiri. Adaika chakumbali, n'kumatembenuza pafupipafupi, mafuta akudontha, moto ukuti lawi iye n'kusuntha nyamayo msangamsanga. Adati moto wa malawi ndi mdani wa nyama, chifukwa umadetsa kunja m'kati muli mwazi. Wofunika ndi moto wa makala amene ayamba kuvala phulusa loyera. Mbaula yake adaigawa patatu: kotentha kwambiri kowotchera chiwindi ndi tinthuli topyapyala, kwapakati kwa nthiti, ndi kozizirirako kosungira nyama yopsa kuti isaume podikira wogula.

Itapsa adaidula nthulinthuli pathabwa, n'kuika m'mbale pamodzi ndi tomato, anyezi ndi kamulu ka mchere wosakaniza ndi tsabola wa kambuzi. Pambali adawonjezera nthumbwana ziwiri, zija amakulunga matumbo pachifu. Abale, ndadyapo nyama pamaukwati ndi pamisonkhano ya aphunzitsi, koma iyi idali ina. Kunja idali yokhadzuka pang'ono, m'kati yofewa, msuzi wake ukutsikira m'zala. Nyama ya pamoto safunira foloko. Umatola ndi zala, kugunditsa pamchere, kuluma, kenako n'kupuma kaye kuti tsabola adutse. Kwa kanthawi ndidaiwala manyazi anga.

Nditamufunsa chinsinsi chake, adati chinsinsi sichili pamoto, chili pogula mbuzi. Apa mpamene phunziro lidayambira, ndipo mphunzitsi sadali ine.

Adati iye sagula mbuzi asadaitsekule kukamwa. Mbuzi ilibe mano akutsogolo m'chibwano cha m'mwamba, ili nawo 8 m'munsi mokha. Ikakwana chaka kapena kupitirira pang'ono, awiri apakati amagwa n'kumera ena akuluakulu, ndipo pofika zaka 4 onse amakhala atasintha. Tsono iye amafuna ya mano akuluakulu awiri kapena anayi. Yaing'ono kwambiri ilibe nyama, yokalamba imalimba ngati lamba, yoyenera kuphika nthawi yaitali osati kuwotcha. Akatero amaigwira pamsana, chakumbuyo kwa nthiti, kuti amve ngati pali mnofu kapena mafupa okhaokha. Amayang'ana m'maso ngati muli mofiirira bwino, poti m'maso motuwa ndi chizindikiro choti njoka zam'mimba zaimaliza magazi. Amayang'ananso kumchira ngati sikudadetsedwe ndi kutsekula m'mimba. Tonde samufuna kwenikweni chifukwa cha fungo. Amakonda mbuzi yofula, imene imanenepa bwino ndipo nyama yake sinunkha.

Zonsezi zili m'buku limene ndimaphunzitsa. Ndakhala ndikujambula mano a mbuzi pabolodi chaka ndi chaka, ana n'kukopera, n'kudzayankha pamayeso a MANEB. Koma kunena zoona, mutandiika pamsika ndi ndalama zanga m'thumba kuti ndisankhe mbuzi imodzi pakati pa 20, mavenda akhoza kundidyera masuku pamutu dzuwa likuswa mtengo. Iye akalakwitsa salandira chithethe chofiira m'kope. Amataya mpamba.

Ndidamufunsa za chimene anthu ambiri timaopa tikamadya nyama ya m'mbali mwa msewu: kodi tingadziwe bwanji kuti si mbuzi yofa yokha? Adandionetsa chidindo pamwendo wa mbuzi umene udali pachokolekera. Malamulo amafuna kuti nyama yogulitsa iyesedwe ndi alangizi a zaziweto, amene amaona chiweto, n'kuyang'ana chiwindi, mapapo ndi ziwalo zina chikaphedwa. Chiwindi chikapezeka ndi tizilombo, chimatayidwa, ndipo woluza ndi mwini mbuzi. Adatinso mbuzi zake amapereka kwa Msilamu kuti ndiye azizinga, n'cholinga choti munthu wa chipembedzo chilichonse adye mtima uli pansi. Pachifukwa chomwecho, nkhumba siyandikira pawaya wake, ngakhale mpeni wake sukhudza nkhumba. Ogulitsa nkhumba ali ndi malo awoawo.

"Pamsewu pano, Sala, munthu mmodzi akadwala chifukwa cha nyama yanga, mawa onse adziwa," adatero. "Dalaivala amauza dalaivala mnzake. Dzina likaipa, ngakhale utsitse mtengo, palibe amaima."

Adakumbutsa za kolera amene adabuka m'dziko muno mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023, amene adapha anthu oposa 1,700. Nthawi imeneyo makhonsolo ena adaletsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misika, ndipo ngakhale kumene sadaletse, anthu ankaopa kudya panja. Iye akuti adakhala masabata angapo moto osayatsa, akudya mpamba. Chigubu cha kampopi chija adachigula nthawi imeneyo, ndipo sadachisiyenso. Palinso matenda a ziweto. Kukabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, kapena chigodola cha nkhumba, boma limaletsa kuyendetsa ziweto ndi kutseka misika yake m'dera lokhudzidwalo. Ife timangomva pawailesi n'kupitiriza kumwa tiyi, koma kwa munthu wa pamoto chilengezo chotere ndiye kuti ntchito yaima.

Kenako adatulutsa kope m'thumba la epuloni, lija la masamba 40 limene ana amalembamo notsi, lakuda ndi mafuta m'mbali. Tsamba lililonse ndi mbuzi imodzi. Pamwamba amalemba mtengo wogulira. Ya tsiku limenelo adaigula K95,000. Pansi pake pali ndalama ya wozinga ndi wosenda, ya woyeza nyama, chiphaso cha msika, makala, mchere, tomato, anyezi, majumbo, ndi ya mnyamata womuthandiza. Mbali inayo amalemba zolowa. Adandikumbutsa kuti mbuzi ukaichotsa chikopa, mutu, mapazi ndi zam'kati, nyama yotsala kawirikawiri siifika theka la kulemera kwa mbuzi yamoyo. Choncho wongodalira mnofu sangapindule. Phindu limabisala m'zinthu zimene ena amazinyoza: mutu ndi mapazi amagulitsa kwa amayi ophika, chifu ndi matumbo amapanga nthumbwana, chikopa chili ndi ogula ake. Zonse zikayenda bwino, mbuzi imodzi imamusiyira pakati pa K10,000 ndi K20,000. Mvula ikagwa tsiku lonse, kapena galimoto zikachepa pakati pa mwezi, nyama imatsala, ndipo popeza alibe firiji, amaigulitsa motchipa madzulo kapena kulipira malo mufiriji ya mwini golosale.

M'munsi mwa tsamba lililonse adali atalemba phindu lake pa 100 iliyonse. Ndidayang'anitsitsa, masamu ake adali olondola. Uyu ndi mwana amene tinkati masamu adamukana.

Kopelo limasonyezanso nyengo. Mbuzi zimakwera mtengo nthawi ya Khirisimasi ndi ya Eid, komanso anthu akakolola, poti mlimi amene ali ndi chimanga m'nkhokwe sathamangira kugulitsa chiweto. Zimatsika mu Januwale ndi Febuluwale, pamene ufa watha m'nyumba, feteleza wobereketsa akufunika, ana akufuna zakusukulu. Apa ndidakhala chete, chifukwa nkhaniyi ndimaidziwa kuchokera mbali inayo. Bambo anga adagulitsa mbuzi zitatu mwezi wa Januwale kuti ine ndikalembe mayeso a Fomu 4, ndipo ndimakumbukira mmene adabwerera kumsika akudandaula kuti venda wawabera. Kumudzi mbuzi ndiyo banki. Mlimi amaiweta zaka ziwiri, kuimangirira dzinja lonse kuti isadye mmera wa eni, koma nyama yake amailawa pamaliro, pachinkhoswe kapena pa Khirisimasi basi. Amene amaidya Loweruka lililonse ndi wa m'tauni.

Nditamuuza zimenezi sadakane. Adati naye ndi mwana wa mlimi, ndipo akudziwa kuti mtengo wa mu Januwale ndi wa misozi. Koma adati wowotcha si amene amadya kwambiri pamalondawa. Pakati pa khola ndi moto pamadutsa manja angapo: wogula m'midzi panjinga, wonyamula, wogulitsa pamsika. Aliyense amatapapo yake. Adawonjeza kuti kuchokera pamene ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chidakwera, koma wogula safuna kumva kuti nthuli yakwera mtengo. Tsono ambiri amangochepetsa nthuliyo, mtengo n'kukhala womwewo. Mukaona kanyenya akunka nachepa, musamangoti owotcha ndi akuba.

Pali nkhani imodzi imene tonse awiri tidasowa poigwira, ndiyo ya makala. Nyama imene ndinkaiyamikirayo idapsa ndi mtengo umene udagwa penapake. Aliyense wokhala ku Lilongwe akudziwa mmene nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene mzindawu umamwa, yavutikira ndi owotcha makala. Lamulo la zankhalango lidakhwimitsidwa mu 2020, ndipo kuwotcha kapena kugulitsa makala popanda chilolezo ndi mlandu. Iye adati akudziwa zonsezi, koma gasi ndi wodula, magetsi pashedi pake palibe, ndipo ogula amafuna fungo la makala. Chimene amachita n'kuzimitsa makala otsala madzulo kuti adzagwire ntchito mawa, ndi kutchinga mbaula kumphepo kuti asanyeke msanga. Ine wophunzitsa ana kubzala mitengo ndidalibe yankho loposa pamenepo, poti kunyumba kwanganso mbaula imayaka tsiku lililonse.

Dzuwa litapendeka, anthu atachepako, ndidalimba mtima n'kumufunsa chimene chidamuchotsa pasukulu. Adati bambo ake adamwalira ali Fomu 3, teremu yachiwiri. Mbuzi zimene zidali m'khola zidathera pamaliro ndi pangongole za kuchipatala. Iye ndiye adali wamkulu, kumbuyo kwake kuli ana atatu. Masiku amene ankajomba aja, amene ine ndinkamunena kuti ndi waulesi, ankakhala ali kuganyu kapena akudikirira bambo ake kuchipatala. Sadauze mphunzitsi aliyense, ndipo palibe mphunzitsi amene adamufunsa. Ine ndidali mphunzitsi wa kalasi yake. Kaundula ndinkaitana ndine, ndipo dzina lake nditaona kuti lakhala mwezi osayankhidwa, ndidangolidula ndi cholembera chofiira.

Adabwera pa Nanjiri kudzera mwa malume ake, n'kuyamba ndi kutsuka matumbo ndi kutunga madzi kwa wowotcha wina. Patatha zaka ziwiri adalowa banki mkhonde, n'kubwereka ndalama ya mbuzi yake yoyamba. Lero ali pabanja, ali ndi mwana mmodzi, adafolera nyumba ya mayi ake ndi malata, ndipo mlongo wake wamng'ono ali Fomu 2. Yunifolomu, makope ndi zonse zofunika kusukulu zimachokera pawaya womwewu.

"Mawu anu aja ndinkawakumbuka, Sala," adatero akupanga makala ndi kachitsulo. "Masiku oyamba ndikaona minibasi yochokera kwathu ndinkabisala kuseri kwa shedi, kuopa kuti anzanga andiona n'kukanena kuti zija ankanena aphunzitsi zachitikadi. Zidanditengera nthawi kuti ndizindikire kuti sindikuba, ndikugwira ntchito."

Ndidapepesa. Si chinthu chapafupi mphunzitsi kupepesa kwa mwana wake wa sukulu, koma pamenepo padalibenso mwana. Ndidazindikira kuti ndasiya kumutchula kuti iwe, ndayamba kunena kuti inu, achimwene, ndipo sindidachite kukonzekera.

Ndisanamizire kuti ntchitoyi ndi yokoma ngati nyama yake. Maso ake ndi ofiira ndi utsi, m'manja muli zipsera za moto ndi mpeni. Amadzuka nkhuku zisadatsike, amaweruka usiku. Alibe tchuthi, alibe penshoni, akadwala ndiye kuti tsiku limenelo kunyumba sikulowa kanthu. Iye mwini adandiuza kuti safuna mlongo wake kapena mwana wake adzaime pamoto. Akufuna aphunzire afike patali. Akulingaliranso zolowa sukulu yamadzulo kuti adzalembe mayeso a MSCE, chifukwa akuti tsiku lina akufuna adzakhale ndi butchala yakeyake ya firiji ndi sikelo, yoti azidzaperekera nyama kusukulu zogonera komweko ndi m'malo odyera, ndipo kumeneko amafuna munthu wodziwa kulemba makalata ndi kuwerenga mapangano. Choncho nkhaniyi sikuti ikunyoza sukulu ayi. Masamu a m'kope lija adawatenga m'kalasi, ndipo mano a mbuzi adayamba kuwamva kwa ine ndemwe. Sukulu ya zaka ziwiri ndi theka ija ikumudyetsa mpaka lero.

Chimene ndikudandaula nacho ndi chizolowezi chathu aphunzitsi chogwiritsa ntchito za manja ngati chikwapu. Tikudziwa tonse kuti mwa ana amene timawaphunzitsa m'sukulu zoyendera, ochepa okha ndiwo amapita kuyunivesite kapena kupeza ntchito ya muofesi. Ambiri adzakhala alimi, amalonda, amisiri, oyendetsa njinga zamoto, owotcha nyama. Tikamawauza kuti ntchito zimenezi ndi chilango cha olephera, tikuwakonzera moyo wodzimvera manyazi pa ntchito yomwe idzawadyetse. Komanso tikunyoza makolo awo, poti m'kalasi momwemo mumakhala ana amene sopo ndi makope awo zimachokera pa kanyenya. Akuluakulu adati ukaipa dziwa nyimbo. Sadanene kuti woimbayo tizimuseka.

Kwa akhonsolo, amene amatolera ndalama ya chiphaso tsiku ndi tsiku m'misika yotereyi, pempho langa ndi lakuti ndalamayo izioneka. Malo otchuka ndi nyama amafunika madzi a pampopi, zimbudzi zaukhondo, malo ophera ziweto a simenti ndi dzenje lotayamo zonyansa. Anthu amenewa ndiwo amaimitsa galimoto zimene zikadangodutsa, ndipo galimoto ikaima, wa tomato, wa nthochi ndi wa golosale amagulitsa nawo. Nawo a TEVETA, amene ntchito yawo ndi kukweza maluso, ataganizirako zophunzitsa achinyamata otere kadulidwe ka nyama, ukhondo ndi kasungidwe ka mabuku a bizinesi, n'kuwapatsa pepala losonyeza luso lawo.

Kwa inu amene mudzatsike pa Nanjiri kapena pamsika wina uliwonse wa nyama, nawa malangizo amene ndidatolako. Fikani chakumasana, nyama ikadali yatsopano. Yang'anani chidindo, ndipo musachite manyazi kufunsa. Sankhani nthuli yanu ikadali yaiwisi, iwotchedwe inu mukuona, ndipo muidye ikadali yamoto. Onetsetsani kuti yapsa mpaka m'kati, makamaka ikakhala ya nkhumba. Sambani m'manja ndi sopo. Kunenerera mtengo n'kololedwa, ndi msika, koma kumbukirani kope lija musadafike pomukakamiza munthu kugulitsa moluza.

Ponyamuka tidakangana pang'ono. Iye amakana ndalama, amvekere mphunzitsi salipira kwa mwana wake. Ine ndidaumirira, ndipo tidagwirizana kuti ndilipire imene ndidadya, koma ya kunyumba ikhale mphatso. Adandikulungira mwendo wowotcha theka m'pepala, n'kuika mujumbo, n'kundiperekeza mpaka pamsewu. Adaimitsa yekha minibasi, n'kuuza kondakitala kuti: "Awa ndi aphunzitsi anga, muwapatse mpando wabwino." Njira yonse mpaka ku Dedza anthu ankangocheukira jumbo yanga.

Lolemba lake ndidalowa mu Fomu 3 ndi phunziro la ziweto. Sindidajambule mano pabolodi. Ndidabwereka mbuzi ziwiri kwa mlonda wa pasukulu, tidazimangirira pansi pa mtengo wa mango, ndipo mwana aliyense adatsekula kukamwa kwa mbuzi ndi manja ake n'kunena zaka zake. Kenako ndidawapatsa samu: mbuzi ya K95,000, ndalama zina zolowa apa ndi apo, mugulitse bwanji kuti mupindule? Ana amene amagona m'kalasi tsiku limenelo ndiwo adali patsogolo kukangana za mtengo wa chiwindi.

Poitana kaundula ndidapeza kuti mtsikana wina wakhala masiku 6 osabwera. Cholembera chofiira chidali m'thumba la malaya. Ndidachisiya momwemo, ndipo titaweruka ndidabwereka njinga n'kupita kwawo kukafunsa chimene chachitika.